Kofiya Yogula pa Liwonde

Kofiya ija ndinaigula pa Liwonde, kwa telala wina amene ankasokera pakhonde la sitolo kufupi ndi siteshoni ya sitima. Atanditchulira mtengo ndinaseka ngati wandiuza nthabwala, ndinachoka, ndinabwereranso, ndinapeza kaulusi kosololoka m'mphepete n'kumusonyeza ndi nkhope yachisoni, mpaka anandipatsa pa theka la mtengowo kuti ndingomuchokera pamaso. Inali yoyera, ya timaluwa ta ulusi wobiriwira. Ndinaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba lakumbuyo pamodzi ndi khadi la chipani, poti zonse ziwiri ntchito yake inali imodzi, yonditsegulira njira.

Ine si Msilamu, ndipo sindinakhalepo Msilamu. Ndinabatizidwa ndili khanda kwathu ku Balaka. Bambo anga anali Mngoni, mayi anga Mlomwe, ngakhale kuti Chilomwe chawocho ankachilankhula pokalipira mbuzi pokha, atayamba ayang'ana ngati pali wina akudutsa. Ndiganiza kuti kwa iwo n'kumene ndinatengera nzeru yoti mtundu wa munthu ukhoza kupindidwa n'kuikidwa m'thumba.

Zaka zimenezo, makwacha atangolowa kumene m'malo mwa mapaundi, ntchito yanga inali yogula nsomba zouma ku Chiuta n'kukagulitsa ku Balaka. Ndinkakweza njinga m'sitima mpaka pa Liwonde, n'kupalasa mtunda wonse kukafika pa Ntaja, kenako kutsetsereka kulowera kunyanja. Pobwerera, dengu la matemba ndi milamba yowamba lili kumbuyo, agalu a m'njira yonse ankandiperekeza ngati mkwati.

Munthu woyenda m'misika amadziwa kuti mtengo wa chinthu umasintha ukangowoloka mtsinje. Ine ndinaona kuti kunyozana mitundu nakonso kumatero. Ku Balaka, pamalo omwera masese, onyozedwa anali Ayao. Akuti anthu a mipeni, akuti sangakupatse madzi m'kapu yawo, akuti makolo awo ankagulitsa anzawo. Ukafika pa Ntaja nkhani inkatembenuka. Kumeneko ife akutsidya kwa Shire tinali odya mbewa, osavinidwa, anthu oti Lamulungu m'mawa kutchalitchi masana kumowa. Alomwe ankalandira kuchokera mbali zonse ziwiri, koma osati muyeso umodzi. Ku Balaka ankawatchula dzina lija lachipongwe n'kumawafunsa tsiku lobwerera kwawo, pamene kunyanja, komwe minda yawo inagundana ndi ya Ayao ndipo ana ankakwatirana, ankangowaseka za kalongonda basi. Pa Liwonde pokha m'pamene ndinaona Myao, Mngoni ndi Mlomwe akugwirizana kamwa limodzi. Onse ankanena kalaliki wa pasiteshoni, wochokera Kumpoto, akuti anthu amenewa alanda mipando yonse ya m'maofesi. Kalalikiyo naye, tsiku lina ndikumunyengerera kuti asandilipiritse njinga ngati munthu, anandiuza kuti kwawo ife tonse akuno amationa chimodzimodzi, sasiyanitsa wa kofiya ndi wa korona.

Zonsezi zinkanenedwa chapansipansi. Pamsonkhano wa chipani tinali mtundu umodzi, m'manja tinkawomba nthawi imodzi, ndipo wolankhula za mitundu mokweza ankatha kuitanidwa kuti akafotokoze bwino kwina. Ndiye mawu amenewa ankayenda ngati katundu wozembetsa. Aliyense ankadziwa kumene akupezeka, palibe ankavomera kuti ali nawo.

Ine ndinkangoona phindu. Ku Balaka ndinali Mngoni weniweni. Ndikangowoloka pa Liwonde ndinkatulutsa kofiya n'kuikhazika pamutu. Chiyao ndinali nditatola m'misika chokwanira kupereka moni, kutsutsa mtengo ndi kudandaula za umphawi. Dzina la ubatizo ndinkalisiya kutsidya n'kutenga lakumudzi, lomwe silinena mpingo wa munthu. Ulendo wanga ndinkaukonza kuti Lachisanu lisandipeze kunyanja, ndipo nthawi yoswali ikakwana njinga yanga inkapezeka kuti yaphwa. Ndinkadzitonthoza kuti sindinanamize munthu, chifukwa pakamwa panga sipanatulukepo mawu oti ndine Msilamu. Inkanama ndi kofiya, ine ndinkangoinyamula.

Nsomba zambiri ndinkagula kwa mkulu wina wa m'mudzi wa kufupi ndi nyanja, mwini mabwato awiri ndi malo owambira kuseri kwa nyumba. Anali wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu akuwagula. Aliyense ankawatchula kuti ambuje, nanenso ndinkatero. Tsiku loyamba tinalimbana pa mtengo kuchokera m'mawa mpaka mthunzi unalowa pansi pa mapazi. Pomaliza anandipatsa mtengo wotsika kuposa umene ankapatsa amalonda a ku Zomba, n'kuwonjezera banyira. Ndinachoka ndikusisita kofiya yanga, ndikuti kanthu aka kabweza ndalama yake tsiku limodzi.

Kuyambira pamenepo panyumba paja panakhala ngati kwathu. Njinga ndinkaitsamiritsa pamtengo wawo wa mango, madzi osamba ankandipatsa, ndipo nthawi ya chakudya ndinkakhala pamkeka ndi ambuje ndi amuna ena a pabanjapo, tonse kupisa m'mbale imodzi yaikulu ya mpunga. Akazi awo, amene ndinkawatchula kuti amayi, anali munthu wamtali wosakonda kuseka, koma ankadziwa kuti ndimakonda mutu wa mlamba ndipo ankauika mbali yanga.

Pathandala lawo panali mbale ina yachitsulo yokhala payokha, yolembedwa mzere wa penti yofiira kunsi kwake. Imeneyo inali ya alendo osakhala Asilamu. Mlangizi wa zaulimi akabwera ankadyera m'menemo, wogulitsa makhadi a chipani m'menemonso. Sankawanyoza, ankawapatsa mpando ndi ndiwo zabwino, koma mbale inali imeneyo. Ine ndinkayang'ana mlangizi ndi sukulu yake yonse akudya yekha pampando, ine dzanja lili m'mbale yaikulu, n'kumadziona ngati munthu wochenjera kwambiri m'boma lonse la Machinga.

Pali chinthu chimodzi chimene mpaka lero ndikachikumbuka ndimayang'ana pansi. Tsiku lina tikudya, mlamu wawo wa ambuje anandifunsa, poti ndimayenda ku Balaka, ngati n'zoona kuti anthu akumeneko amadya mbewa ndi ubweya womwe. Ndinati n'zoona, ndi mchira womwe, ndipo ndinapukusa mutu ngati munthu amene waona zoopsa. Ndinawonjezera zina za mowa ndi nkhumba, anthu n'kuseka. Dzulo lake lomwelo ndinali nditatsiriza mpani wathunthu wa mbewa pakhonde la mayi anga, n'kunyambita zala.

Zinayenda choncho zaka ziwiri ndi miyezi.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali la m'nyengo yotentha, mvula isanayambe. Ndinafika dzuwa litakwera pang'ono n'kupeza mudzi uli zii. Amuna onse anali atapita kumaliro m'mudzi wina wapatali ndithu. Ambuje ndinawapeza pakhonde atatsamira khoma, dzanja lamanja litatupa ngati papaya. Munga wa mlamba unali utawabaya pokoka ukonde, ndipo linali tsiku lachitatu asakudya zolongosoka. Pabwalo panali nkhuku yofiira yomangidwa miyendo.

Amayi atandiona nkhope yawo inamasuka mwa njira imene ndinali ndisanaionepo. Anandiuza kuti mankhwala ambuje alandira, koma thupi lafooka, akufunika msuzi wa nkhuku. Nkhukuyo anali ataigwira mbandakucha, koma woichinja panalibe. Kumeneko mkazi sachinja, ambuje sakanatha ndi dzanja lotupalo, ndipo nyama yozingidwa ndi munthu wosakhala Msilamu iwo sadya. Anali akudikira mwamuna aliyense wachisilamu wodutsa m'njira, ndiye n'kutulukira ine ndi kofiya yanga yoyera.

“Mulungu wakutumizani, baba,” anatero, akundipatsa mpeni chogwirira chili kwa ine. “Tichinjireni, ambuje anu amweko msuzi.”

Ndinaulandira. Kachitidwe kake ndinkakadziwa konse, poti ndinali nditaonerera kambirimbiri: kumene umayang'ana, m'mene umapondera mapiko ndi miyendo, timadzi timene umaimwetsa nkhukuyo, ndi mawu amene umanena. Mawuwo ndikanawatchula bwino kuposa ana ena a kumadrasa. Palibe akanadziwa.

Mutu wanga wa pamsika unayamba kuwerengera wokha. Ndikakana, zonse zithera pomwepo: mtengo wabwino uja, mthunzi wa mango, mutu wa mlamba, mwinanso mbiri ifika pa Ntaja n'kusowa wondigulitsa ngakhale chitini chimodzi cha matemba. Ndikadula, munthu wodwala adya chinthu chimene kwa iye n'chodetsedwa, n'kundithokoza.

Ndinachita chimene ndimadziwa, ndinayamba kunenerera. Ndinati mpeniwu ndi wobuntha. Amayi anandilozera mwala, ndinanola mpaka mpeni ukanatha kumeta ndevu. Ndinagwira nkhuku pamimba n'kunena kuti ikuoneka ngati yatsala pang'ono kuikira, n'zachisoni kuipha. Anati inasiya kuikira chaka chatha. Ndinati kwathu amati munthu wotupa amuchitira bwino ndi msuzi wa nsomba. Anati nsomba ndi imene yawafikitsa pamenepa. Ambuje ankangondiyang'ana, dzanja lotupalo lili pabondo.

Ndinafika poponda mapiko. Nkhuku inatambasula khosi yokha ngati ikufuna kuti nkhaniyi ithe. Sindinganame kuti ndinamva mawu ochokera kumwamba. Chimene chinandibwerera m'mutu ndi cha pamsika pomwe. Ine ndanamizapo anthu ambiri, ndaikapo nsomba zazikulu pamwamba zoduka pansi, ndalumbirapo kuti ndagula modula pamene ndatola. Koma chinyengo chimenecho wogula amakachiona yekha kunyumba, amakutukwana, mawa amabwera atachenjera, mwinanso n'kukubwezera. Ndi masewera oti nonse mukuwadziwa. Ichi ambuje sakanachiona mpaka kumanda, ndipo analibe njira yondibwezera.

Ndinachotsa phazi pamapiko, ndinavula kofiya, n'kulankhula m'Chichewa, poti Chiyao changa chinali chogulira nsomba basi.

“Amayi, nkhukuyi sindingachinje. Ine ndine Mkhristu.”

Sanakuwe. Anayang'ana kofiya m'manja mwanga, anayang'ana amuna awo, kenako anatambasula dzanja n'kutenga mpeni wawo.

“Zaka zonsezi?” anafunsa.

Ndinavomera.

“Nkhumba mumadya?”

Ndinati mwa apo ndi apo, poti ndi yodula.

“Mbewa?”

Ndinati zimenezo ndiye ndimadya ndithu.

Anatembenuka n'kupita kuseri. Posakhalitsa ndinamva mchenga ukukwecha chitsulo. Inali mbale yaikulu ija, ndipo anaikwecha nthawi yaitali kuposa m'mene mbale iliyonse imafunira.

Nkhuku inali idakali pansi, ambuje adakali ndi njala. Ndinafunsa njira ya kumaliro kuja, ndinamasula dengu panjinga n'kupalasa dzuwa lili pamutu. Ndinakapeza mwalimu wa pamzikiti wa m'mudzimo, bambo wowonda wa ndevu zochepa, mwambo utangotha. Ndinamupempha kuti akwere pakaliyala. Tili m'njira anandifunsa chifukwa chimene sindinachinje ndekha, poti ankandidziwa ndi kofiya. Ndinamufotokozera uku ndikupuma movutikira pamchenga. Anangoti ndipalase mwamphamvu, tchimo lina limatuluka ndi thukuta. Anachinja nkhuku ija, anasamba m'manja n'kubwerera wapansi, atakana kuti ndimuperekeze.

Msuzi uli pamoto, ambuje anandikodola kuti ndikhale pakhonde. Ndinakhala chapatali. Anandiuza kuti kukayika anali nako kuyambira kale. Msilamu wanji amene njinga yake imaphwa nthawi yoswali yokhayokha, amene amamwa madzi ataimirira, ndi dzanja lamanzere? Koma anati kufufuza chikhulupiriro cha mlendo si ntchito yawo, ndipo akazi awo sanawauzepo, poti kukayika si kudziwa. Ndinawafunsa chimene akanachita ndikanadula.

“Ndikanati mtima wanga sukufuna nyama,” anatero. “Ndipo tsiku lililonse mukabwera mukanapeza nsomba zatha.”

Munthu wanzeru akanasiyira pamenepo. Ine ndinafunsa za mtengo, ngati tsopano ukwera poti kofiya yavulidwa. Ambuje anaseka mpaka dzanja linawapweteka. Anati mtengo uja sunali wa kofiya. Amalonda a ku Zomba ambiri ndi Asilamu enieni ndipo amalipira mokwera chifukwa amakhala pachangu. Ine ankanditsitsira chifukwa ndimatopetsa, ndimatha kukhala tsiku lonse pa tambala imodzi iwo ali ndi maukonde osoka, komanso ndimatenga zoduka zimene ena amakana. Ndinakhala pamenepo n'kumaganiza za zaka ziwiri zothawa Lachisanu ndi kuphwetsa matayala abwinobwino, zonsezo pogula chinthu chimene ndinali nacho kale.

Kenako anasiya kuseka. Anati za kofiya akhoza kuziiwala, njala imavalitsa munthu zambiri. Chimene sichinawachoke ndi tsiku lija ndinkapukusa mutu ponena za anthu a ku Balaka.

“Pamene paja mumanena za ndani, baba? Si mayi anu amene aja?”

Ndinangoti mayi anga ndi Mlomwe, ngati kuti zimenezo zikuchepetsa mlandu. Iwo anati ndiye mayiwo ndawagulitsa kawiri.

Chakudya chitapsa, amayi anabweretsera amuna awo msuzi m'bakuli. Ine anandiikira mpando, n'kundipatsa mpunga ndi ntchafu ya nkhuku m'mbale ya mzere wofiira. Sanandiyang'ane. Ndinadya zonse, poti njala sidziwa manyazi, ndipo madzulo ake ndinagula nsomba pa mtengo wakale, titalimbana monga mwa masiku onse.

Mbiri inafika pa Ntaja ine ndisanafike. Kwa miyezi ingapo ndikamadutsa pamsika anthu ankandifunsa ngati mbewa zatsika mtengo ku Balaka, ena n'kumandipempha kuti ndiwachinjire nkhuku. Awiri atatu anasiya kundigulitsa. Ambiri anangoseka n'kupitiriza malonda, poti ndalama yanga inali yomwe ija. Kwathu nakonso zinanditembenukira. Pamowa wina akayamba zoti Ayao sangakupatse kapu yawo, sindinkatha kutsutsa, poti mbale ya mzere wofiira ndinkaidziwa bwino. Koma ndinkawonjezera kuti m'mbalemo amaikamo ntchafu, ndipo ndikatero ankati ndagulidwa ndi Achawa. Ndiye kutsidya ndinali wa mbewa, kwathu ndinali Mchawa, ine wofuna kupindula mbali zonse ziwiri.

Kofiya ija ndinabwerera nayo kwa telala wa pa Liwonde kuti aigule. Anaitembenuza, anapeza kaulusi kosololoka kaja n'kundisonyeza ndi nkhope yachisoni. Anandipatsa ndalama yosakwanira ngakhale kugula chingwe chomangira dengu, ndipo ndinalandira.

Panyumba paja ndinapitiriza kufikapo zaka zambiri, koma m'mbale yaikulu sindinapisemonso. Ambuje, dzanja litapola, ankakoka mkeka kuti ukhale pafupi ndi mpando wanga kuti tizicheza tikudya, iwo m'mbale yawo ine m'yanga. Amayi anatha dzinja lonse osandipatsa moni. Madzi ankandiikira, chakudya ankandiikira, koma ankalankhula ndi mpando osati ine. Ndinayesa kuwabweretsera sopo, anamupereka kwa mpongozi wawo. Ndinayesa shuga, anati ndiike pamenepo.

Chaka chotsatira, nthawi yokolola mpunga, mlangizi wa zaulimi anafika ine ndili pomwepo, chakudya chitangopsa. Alendo osakhala Asilamu tinali awiri, mbale ya mzere wofiira inali imodzi. Ine ndinayamba kudzuka, ndikuti bwana ayambe ndiwo, ine ndidikira. Amayi anatuluka ndi mbaleyo itadzaza, mutu wa mlamba uli pamwamba, anamudutsa mlangizi n'kuiika m'manja mwanga.

“Pepani achimwene, mudikire pang'ono ndikabwereke ina,” anamuuza mlangiziyo. “Iyi ili ndi mwini wake.”